Dzuwa la Buluu

Ine ntchito yanga ndi kusindikiza:
malisiti, makalendala, timapepala ta maliro,
zikwangwani za ofuna mavoti.
Makina anga ndi achikale, amatsokomola m'mawa
ngati ine ndemwe, kuno ku El Alto
kumene mpweya umaperewera ngakhale kwa mbadwa.

Anabwera awiri, chisanu chikuluma makutu.
Anacleto Tarqui, mphunzitsi wopuma,
nkhani yake ili m'thumba la jekete, yopindidwa kanayi,
ndi Herminia Callisaya, amene masana
amalemba mayina a misewu pa maminibasi,
usiku n'kumajambula galu wa khutu limodzi logwa
yemwe anasochera pamsika wa Lachinayi.

Ndinawauza mtengo osaphethira:
mtundu uliwonse uli ndi ndalama yake.
Anakhuthula zonse patebulo.
Tinawerenga. Tinabwerezanso, ngati kuti ndalama zimaswana.
Zinakwanira mitundu iwiri basi,
wakuda ndi wina umodzi,
ndipo wotchipa unali wa buluu,
wotsala pa zikwangwani za chipani chimene chinagwa.

Choncho galu anatuluka wa buluu.
Buledi wa buluu, masiketi a amayi a pamsika a buluu,
ndipo pa tsamba lachisanu ndi chinayi,
kuseri kwa phiri la Illimani,
dzuwa lenilenilo, la buluu.
Herminia analiyang'ana nthawi yaitali.
Sananene kanthu. Anangopukuta chala pa epuloni.

Mabuku mazana atatu.
Amasitolo a ku La Paz anati shelefu yadzaza
ndi mabuku a kutsidya la nyanja, a zikuto zonyezimira,
mmene ana amagubuduka pa udzu umene kuno sumera.
Anacleto anawasenza yekha, makumi awiriawiri,
kukwera nawo tingolo toyenda pa chingwe m'mwamba,
kugogoda sukulu ndi sukulu,
nkhomaliro yake madzi a pampopi.

Itatha miyezi iwiri kunabwera kamtsikana,
Nayra, mano awiri akutsogolo kulibe,
chigwirire dzanja la mlongo wake wopolisha nsapato.
Anafunsa ngati ndine ndinapanga bukulo.
Ndinati ine ndinangosindikiza.
Anatsegula tsamba lija.
Dzuwa anali atalipaka chekeni chachikasu, mwamphamvu,
pepala kutsala pang'ono kubooka,
ndipo chikasu pamwamba pa buluu
chinabala dzuwa lobiriwira ngati tsamba la koka.
"Lakana," anatero.
"Mukawauze amayi ojambulawo, galuyo asamusinthe.
Koma dzuwali."
Anasiya patebulo kachidutswa ka chekeni kaja
ndi makobiri atatu a mlongo wake, onunkha polishi.

Ine si munthu wa misozi.
Ndili ndi lendi, ndili ndi ngongole ya mapepala.
Koma usiku umenewo ndinakhala pa chitini cha inki
n'kuwerenga bukulo kuchokera koyambirira,
ine amene zaka makumi atatu ndakhala ndikusaka
zilembo zozondoka, osamva zimene mawu akunena.
Galu uja amapezeka kumapeto, atagona pansi pa tebulo la wogulitsa mbatata.
Sindinkadziwa.

Kutacha ndinaboola chivundikiro cha chitini chija
n'kulembapo: ZA CHIKASU.
Odzatenga malisiti amaponyamo chenji.
Wa makalendala anaseka kaye, kenako anaponya.
Mayi wina wodzasindikizitsa za maliro a mwamuna wake
anafunsa kuti n'zachiyani, ndinamuonetsa tsamba,
anaponya, napempha buku limodzi la mdzukulu.

Chitini sichinadzaze. Ndikachigwedeza
chimalira kwambiri, ndiye kuti m'kati mudakali malo.
Anacleto walemba ina, ya mwana woopa mphepo.
Herminia adakali pa maminibasi, zala zili ming'aluming'alu.
Dzana ndinamufunsa: chikasu chikapezeka, kenako?
Sanatembenuke n'komwe, burashi ili m'manja.
"Kufiira," anatero.
"Masaya a ana a kuno sajambulika popanda kufiira."