Chithunzi cha Nambala 17

Kuno ku Ulongwe nyanja timangoimva.
Madzi athu ndi a m'madimba a mbatatesi,
ofika m'akakolo.
Koma ine Jerevaziyo, wokonza mawotchi kuseri kwa msika,
ndili nayo nyanja yanga m'chitini cha mabisiketi:
zithunzi makumi anayi ndi zitatu, zofiirira ngati fodya wouma,
zimene ndinagula pamodzi ndi wotchi yakufa
kwa mdzukulu wa kalaliki wina wa padoko la Beira.
Wotchiyo sinadzuke mpaka lero.

Kagalasi kamene ndimaonera matumbo a wotchi
ndi komweko ndimaonera ndege.
Makasitomala akasowa, ndipo masiku ano amasowadi,
poti aliyense nthawi ali nayo m'foni,
ndimayala zithunzi pathebulo
n'kuyamba kuwerenga mizati ya pakati pa mapiko.
Iyi inavala mabwato awiri kumapazi.
Iyi mimba yake yomwe ndi bwato,
injini anaikweza pamsana, chopukusa mphepo chikuyang'ana kumbuyo
ngati munthu wokwera bulu chafutambuyo.
Iyi yapinda mapiko ngati chiwala cha m'mawa,
mbedza ili pansi pa mchira
yokolera chingwe ikamatera pasitima.

Buku lothandiza ndili nalo limodzi, lopanda chikuto,
la Chipwitikizi, chiswe chinadya masamba khumi a pakati.
Aphunzitsi Kandiyado a ku Moatize, opuma ntchito,
amanditsutsa pafoni mpaka mayunitsi kutha:
akuti mchira wozungulira ndi wa Afalansa.
Ine ndimati onani mazenera, achimwene, mazenera!
Zonse ndazipatsa mayina m'kope langa, ndi pensulo,
poti mawa ndikhoza kufufuta.

Kupatula ya nambala 17.

Ili pamadzi, mphuno m'mwamba, phiko lina lapsa ndi kuwala.
Zilembo za m'nthiti mwake zikanandiuza zonse,
koma pali munthu.
Waima m'madzi ofika m'chiuno, chingwe paphewa,
mutu wake ndendende pamene pali nambala.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikum'kalipira:
iwe, sendera pang'ono!
Ndinafika popendeka chithunzi, ine munthu wamkulu,
kuti mwina ndisuzumire kuseri kwa khutu lake.

Lachiwiri lapitali kunabwera Nangozo, uja wa matumba a nyemba,
wopanda moni, ali ndi sikelo yothyoka singano.
Ndisanamuuze mtengo anali atatenga kale kagalasi.
Ndinayamba kum'fotokozera za mapiko.
Sanamve. Anangoti zii,
kenaka: makutu awa ndi akwathu ku Domwe.
Chala chakumanzere ichi chopindika
chinapindidwa ndi msampha wa mbewa.
Awa ndi a Bizaliyele, malume awo a amayi,
amene anatengedwa chibalo chaka cha dzombe
atasiya chimanga chikumera ngayaye.
Kwathu tinalira maliro opanda mtembo,
amayi ankati anaika mtongo wa nthochi m'manda.

Anafunsa mtengo wa chithunzi.
Ine amene ndimatsutsana ndi munthu pa metikali imodzi
ndinasowa chonena.
Tinapita limodzi kwa mnyamata wa fotokope,
iye anatenga chenicheni, ine chotuwacho.
Sikelo anaiiwala, ikadali pano.

Usiku ndinatsegula kope pa tsamba la 17.
Mtundu wa ndege: sindikudziwa.
Dziko lake: sindikudziwa.
Pansi pake ndinalemba ndi bolopeni, koyamba m'kope lonselo:
Bizaliyele wa ku Domwe, wokoka chingwe.

Komabe ndisaname.
Magetsi atazima ndinayatsa kandulo,
n'kuyandikiza kagalasi papepala lotuwalo,
ndipo ndinadzimva ndikunong'ona, tsopano mwaulemu:
a Bizaliyele, pepani bambo,
tasunthaniko mutu pang'ono pokha.