Kabuku Kofiira

Mvula ya ku Wolverhampton siimveka padenga,
imangonyowetsa.

Namwino wafunsa khadi la kusikelo la Zaithwa.
Ndalisolola m'jumbo ya shuga,
lopindapinda, lodyeka ndi chinyezi cha ku Bangwe,
pamzere wa chikuku inki itayenderera
ngati mapazi a nkhuku pamatope.

"Ameneyu anabayitsa liti?"
Tsikulo landithawa, mayi.
Chimanga chinali chitamasula,
ndalama ya minibasi ndinachita kubwereka.

Ndamuvula mwana juzi,
ndaloza chipsera paphewa:
ichi chokha sichinanyowe.

Namwino waseka, wabaya kawiri.
Zaithwa walira m'Chichewa.

Kabuku kofiira wandipatsako
ndakalowetsa m'jumbo momwemo,
pansi pa pasipoti,
pamwamba pa khadi lakale lija.
Adziwane.