Ankhoswe Opanda Nkhope

Ku Slough mvula siigwa, imangowaza,
ndipo ine ndili pansanjika yachinayi
kuphunzitsa kompyuta tanthauzo la "msanga".

Moira Pendlebury, amene wapuma ntchito mwezi wathawu,
ankatha masabata asanu pa mgwirizano umodzi,
tiyi atazizira, magalasi ali kunsonga ya mphuno,
akulimbana ndi a kampani yosunga maseva:
makina akagwa pakati pa usiku wa Loweruka
mudzawadzutsa patatha mphindi zingati?
Nanga mukachedwa, mulipira bwanji?
Wandisiyira kapu yong'aluka ndi mpando wolira.

Ntchito yanga n'kulemba chibale cha mawu.
"Chindapusa" ndi mwana wa "kuchedwa",
"kuchedwa" anabadwa kwa "lonjezo".
Chimene iwo amati "tayankha"
kwa ife ndi "tamva" chabe, chinthu chikadali chofa.
Liwu lililonse ndalipatsa mfunda wake
kuti makina asakwatitse pachibale.

Lachiwiri tinamasula ankhoswe awiri,
wathu ndi wawo, opanda nkhope, opanda jekete.
Wathu anati: tikufuna manaini anayi,
ntchito isaime kupitirira ola limodzi pachaka.
Wawo anati: atatu, kapena onjezani ndalama.
Wathu anabwerera phazi limodzi pa za Khirisimasi,
wawo anagonja pa za usiku.
Masekondi khumi ndi anayi, nkhani yatha.
Palibe anatsokomola,
palibe anatuluka panja kukanong'onezana,
palibe anati tiyeni tikagonere kaye.
Bwana Gethin anawomba m'manja yekha
n'kutigulira masangweji.

Ndinamulembera Moira. Anayankha mzere umodzi:
kodi aja a mbali inayo akadali ndi galu wodwala uja?
Funso limenelo mulibe m'ukonde wanga.

Madzulo, m'basi ya ku Langley, foni inalira.
Mwatitha, ku Balaka, mawu akulowakulowa:
Amayi, mayeso ndakhoza. Mubwera liti?
Posachedwa, mwanangu.
Anakhala chete kanthawi, ndalama zikutha pa waya.
Munatero ndili Sitandade 4.

M'mawa mwake, ena asanafike,
magetsi a m'khonde asanadzuke,
ndinalowetsa liwulo m'makina: posachedwa.
Sanandinyoze. Anangofunsa mwaulemu wawo wouma:
muyeso wake ndi chiyani, masiku kapena zaka?
Kuwerenga kuyambira liti?
Wophwanya alipira chiyani, ndipo kwa yani?

Mabokosi atatu oyera, kamzere kakuphethira.
Ndinayamba kulemba "Ogasiti", ndinafufuta.
Ndinalemba "mapepala akatuluka",
anakana, akuti si nambala.

Panja, ndege ya ku Heathrow inang'amba mtambo
kupita kwina kumene sindikudziwa.
Ndinatsuka kapu ya Moira, ngakhale inali yoyera kale,
kenaka ndinatsegula kalendala
n'kuyamba kuwerenga masiku atchuthi ndi chala,
monga wowerenga chenji pa golosale,
kawiri, kuopa kuberedwa.