Tauni Inandipeza Pakhomo

Ine sindinakwerepo basi kudza ku Lilongwe.
Lilongwe ndiye anadza yekha kuno kwa Njewa,
atanyamula chingwe choyezera ndi zikhomo zofiira,
nandipeza ndikupalira mtedza.

Poyamba kunabwera msewu.
Msewu unaitana mapolo a magetsi,
magetsi anaitana chigayo ndi shabini,
shabini inaitana mwana wanga Lufeyo,
ndipo mpaka lero sanabwereko bwinobwino.

Munda wa malemu bambo tinaucheka ngati chigumu,
mapuloti asanu ndi awiri.
Pamene panali chulu pali geti lachitsulo,
ndipo galu wodya bwino kuposa ine
amandiuwa ndikamadutsa
pomwe anakwirira mchombo wanga.

Ndalama zija? Musandifunse.
Zinatsalako za malata makumi awiri
ndi zipinda zinayi kuseri kwa nyumba.
M'menemo mukugona dziko lonse:
Esinati wa ku Ntchisi, wophwanya miyala m'mbali mwa msewu,
chala chake chimodzi chinaleka kupindika;
anyamata awiri a ku Mulanje, njinga ya kabaza imodzi,
wina akagona, wina ali pamsewu;
ndi a Chavula a ku Rumphi, alonda ku 47,
ogona dzuwa likuswa mtengo,
mwakuti ana tinawaletsa mpira pabwalo.

Onsewa anamva kuti kuno akumanga.
Akumangadi.
Nyumba ikakwera pamsana pa inzake,
kumudzi wina amagulitsa mbuzi nagula tikiti.
Pofika, nyumba ija yatha kale, aikamo magalasi
ongomuonetsa nkhope yake ndi chikwama chake.

Mwezi ukatha ndimagogoda.
Esinati amatsegula pang'ono: "A landilodi, mawa."
Dzina limenelo limandikhala ngati jekete lobwereka.
Landilodi wanji wogula chimanga cha pa ndowa,
woima pamzere wa madzi pa kiyosiki
kumbuyo kwa womubwereka machesi?

Dzulo kunafikanso wina, mtsikana, mphasa pamutu,
fumbi la ulendo likadali m'nsidze,
nafunsa ngati ku tauni ndi konkuno.
Ndinayang'ana kumene kunali dimba lathu,
komwe tsopano akutsukirako magalimoto,
ndinati, "Akutero."

Kenaka ndinamuonetsa khitchini yakale ija,
n'kuyamba kutulutsamo makasu.