Geti la Kuseri

Mphepo ya Lachiwiri inatsika phiri ngati mwini ngongole,
sinaodire.
Inayamba ndi malata a kwa a Nampinga,
inathyola nthochi zathu zitatu,
pomaliza inagwira geti la kuseri pakhosi
n'kuligoneka chagada m'matope a kuno ku Sadzi.

Kutacha, mbuzi za eni zinali zitalowa kale,
zikubudula mpiru wanga mwaulemu
ngati alendo oitanidwa ndi kalata.

Ndinati, mphepo yoipa iyi.
Mwatitha, mwana wanga, anagwada pamzati,
anaubaya ndi chala, chala n'kulowa chonse.
Bambo, musainamizire mphepo.
Chiswe chadya muno zaka zingati
inu mukungodutsa ndi ndowa?

Sindinayankhe.
Mzatiwu anauzika ndi malemu achimwene, a Lufeyo,
chaka chija Likangala anasefukira m'madimba a kabichi.
Pali timizere ta mpeni,
msinkhu wa ana chaka ndi chaka:
apa Mwatitha akuyamba sitandade wani,
apa Yakobe asanadziwe n'komwe njira ya ku Joni.
Kamzere kapamwamba kalibe mwini,
mpeni unangoterereka.

Sindinautaye.
Ndauimika pakhonde, kuseri kwa njinga.

Ku Mpondabwino mahinji awiri
mtengo wake ngati nkhuku yoikira.
Ndinawagwira, ndinawatembenuza, ndinawabweza.
Ndinabwerako ndi misomali theka la kilo,
chidutswa cha tayala,
ndi oyilo wakuda m'kabotolo, chiswe chidzalawe chimenecho.
Mzati wa bulugamu anandipatsa Che Saukila,
akuti ndidzalipire mapeyala akakhwima.

Tinakumba mpaka dzenje linameza mkono.
Iye atagwira mzati, ine ndikusinja miyala ndi mpini.
Waongoka?
Pendeketsani kumanzere.
Apa?
Mwapitiriza.
Hamala inaphonya msomali kawiri,
kachitatu inapeza chala changa chachikulu,
ndipo mawu amene ndinatulutsa
sangabwerezedwe pamaso pa akulu a mpingo.

Tikupuma pamulu wa njerwa, zitumbuwa zili m'manja,
ndinatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi.
Ngalande idzere apa,
madzi a m'phiri aleke kudzagona kukhitchini.
Vetiva m'mphepete mwake, agwire dothi.
Njerwa zotsala pomanga bafa zija
tiziyale mpaka pathandala,
amayi ako asadzagwenso ndi mbale ngati chaka chatha.
Khola la nkhuku lichoke pansi pa mango.
Apa papaya. Apa mandimu.
Apa mpopi wathuwathu, wa loko,
ndi kabenchi ka simenti
koti ndizikhalapo madzulo n'kumaona nkhungu
ikutsika m'mapaini ngati ikufuna wina.

Nanga ndalama zake? anatero Mwatitha,
osadzutsa n'komwe mutu.

Ndinafufuta mpopi ndi phazi.
Ndinafufuta benchi.
Khola ndinaliyang'ana nthawi yaitali, nalonso linapita.
Anatsala papaya, poti njere zake n'zaulere,
ndi ngalande, poti khasu tili nalo
ndipo msana wanga sunanene kuti watopa.

Dzuwa litabisala kuseri kwa phiri
tinalidzutsa geti, tinalikhomera patayala.
Linaima.
Lapendekera pang'ono, ngati munthu womvetsera miseche,
ndipo ukalitsegula limakhula pansi
n'kujambula uta m'dothi.
Ndinati mawa ndidzaliwongola.
Tonse tinadziwa kuti ndi bodza.

Ndisanasonkhanitse zida
Mwatitha anandikankhira kumzati watsopano.
Imani bwino, chotsani chipewa.
Mpeni unadutsa pamwamba pa imvi zanga,
kamzere koyamba, koyera, kakununkha bulugamu.
Chaka chamawa tidzayezenso,
tione ngati mwayamba kufupika.

Tinakoka waya, tinakoloweka pamsomali,
tinalowa m'nyumba ngati anthu omaliza ntchito.
Pakati pa usiku ndinadzidzimuka:
kunja kuli mee, mee, geti likugwedezeka.
Si mphepo ayi.
Mbuzi imodzi ya a Nampinga
tinaitsekera mkati.