Tsiku Lobweza Makiyi

Lero ndabweza makiyi.
Zaka makumi atatu ndi zinayi
zakwana m'katoni imodzi ya sopo:
rejisitala yodyedwa ndi chiswe,
kapu yothyoka chogwirira,
ndi malegeni asanu amene ndinalanda,
eni ake osabweranso kudzapepesa.

Choko chinandilowa m'zikhadabo kalekale.
Mawu anasasa
polimbana ndi mvula pamalata a Sitandade 8,
ana zana ndi khumi ali pasimenti,
chiperoni chikulowera pazenera lopanda galasi.

Ndaziona, ukukumbuka?
Unasowa masabata atatu.
Ndinakupeza mumsika wa Ndirande
ukugulitsa majumbo, nkhope ili pansi.
Ndinagula onse, ndilibe choikamo,
ndipo Lolemba unakhala kutsogolo.
Dzana ku Kwinzi unandiyeza kuthamanga kwa magazi
n'kundikalipira za mchere.
Ndinangoti, "Ndamva, adokotala."

Koma si onse.
Sekerani, amene ankamaliza samu
ndisanatembenuke pabolodi,
amaitanira minibasi za ku Limbe.
Akandiona amabisa kabotolo kumbuyo:
"Madamu, khalani kutsogolo, musalipire."
Ndimalipira.
Usiku ndimafunsa denga
kuti kodi ndinachedwa pati.

Belu lalira,
chitsulo chija cha gudumu la lole
cholendewera pamtengo wa mango.
Miyendo yanyamuka yokha kulowera kukalasi,
ndaibweza.
Phiri la Ndirande likundiyang'ana ndi mutu wake wampala.

Pageti ndakumana ndi kamwana kochedwa,
malaya ali pamtunda, kope m'manja,
ndipo pakamwa panga,
posadziwa za penshoni,
pakuwa kale:
"Iwe! Pisira malayawo, thamanga!"