Sawasha kwa Loko

Nkhungu ya Mzuzu isanabalalike
Sajeni Zgambo watsika sakaramento pa Katoto,
mwendo wachitsulo ukulira ngati tcheni chosowa girizi.

Pachitseko amatapo pepala.
Bwana watsopano, woikidwa pampando dzana,
akuti kiliniki ya asilikali opuma isamukire ku Lilongwe,
ndalama ya ndodo ichotsedwe.
Akuti ndi kukonza zinthu.

Zgambo akuwerenga ndi chala.
Mwendo wake weniweni unatsala panjanji ya ku Nacala,
ndipo palibe anampatsa lisiti.

“Mnyamatayu sanagonepo m'ngalande,
koma mdani wampeza.
Tili apa, mzere wachisanu wa bajeti.”

Wapinda kapepala ka mankhwala,
wakabisa m'chipewa,
waima njo,
nachita sawasha kwa loko.